Bambo sakuyankhula koma akuimba: kodi nyimbo zingathandize wodwala sitiroko?

Mwana Wachisamba, Lilongwe

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino, ndipo ndikupempha nzeru kwa amene mukudziwa za matenda a sitiroko. Bambo anga anagwa kumunda nyengo yokolola, ndipo titafika nawo kuchipatala tinauzidwa kuti mtsempha wina wa magazi mu ubongo unatsekeka, komanso kuti BP yawo inali yokwera kwambiri iwo osadziwa. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafooka, koma chimene chikutipweteka koposa n'chakuti mawu anathawa. Akumva zimene tikunena, chifukwa tikawafunsa ngati akufuna madzi kapena phala amagwedeza mutu moyenera, koma pakamwa pamangotuluka mawu akuti "eya", ngakhale pamene akufuna kukana.

Lamlungu lapitali amayi a Mvano anabwera kudzawazonda. Atayambitsa nyimbo ya m'buku imene bambo akhala akuimba kuyambira ali mnyamata, tinadabwa kuwamva akuimba nawo ndime yonse, mawu ake omveka bwino. Nyimboyo itatha tinawafunsa dzina lawo, koma anabwereranso ku "eya" uja. Tsopano pakhomo pagawanika. Azakhali akuti ichi ndi chozizwitsa ndipo tisavutikenso ndi mafizo, pomwe mng'ono wanga akuganiza kuti bambo akuchita dala chifukwa chokwiya. Kodi zoterezi zimachitikadi? Ngati nyimbo ikutha kutsegula pakamwa pawo, tingaigwiritse ntchito bwanji kuti ayambenso kuyankhula nafe?

Namwino Wopuma Ntchito

Pepani kwambiri ndi matenda a bambo, achemwali. Choyamba ndikufuna kuti mng'ono wanuyo amve bwino kuti bambo sakuchita dala, ndipo kuwakakamiza kutchula dzina lawo pamaso pa alendo kungowonjezera chisoni chimene ali nacho kale. Mwa anthu ambiri, malo a mu ubongo amene amalumikiza mawu kuti munthu ayankhule ali kumanzere, ndipo mbali yomweyo ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja. N'chifukwa chake kufooka kwa kumanja ndi kutha kwa mawu zimabwera pamodzi kawirikawiri. Dokotala wa ku France, Paul Broca, anafotokoza zimenezi mu 1861 atapima ubongo wa munthu amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena kuti "tan" basi, ngakhale ankamva zimene anthu ankamuuza. Madokotala amalitchula vutoli kuti aphasia, ndipo limagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko.

Kuimba kumadzera njira ina. Nyimbo imene munthu waiimba kwa zaka makumi imasungika yathunthu, mawu ndi chuni chake pamodzi, ndipo poitulutsa mbali zonse ziwiri za ubongo zimagwira ntchito, kuphatikizapo ya kumanja imene mwa bambo anu sinavulale. Zimenezi zinadziwika kalekale. M'zaka za m'ma 1700 mlembi wa ku Sweden, Olof Dalin, analemba za mwamuna amene atadwala ankangonena kuti "inde", koma ankatha kuimba nyimbo za kutchalitchi zimene anaphunzira asanadwale.

Kwa azakhali ndinganene mwaulemu kuti kuthokoza Mulungu n'koyenera, koma kuimba kumene anamvako sikukutanthauza kuti matenda atha. Mankhwala a BP ndi ena onse amene anapatsidwa kuchipatala asasiye ngakhale tsiku limodzi, chifukwa munthu amene wadwalapo sitiroko ali pachiopsezo chachikulu chodwalanso, ndipo yachiwiri nthawi zambiri imawononga koposa yoyamba.

Wa Mafizo, Blantyre

Ndikugwirizana ndi zonse zimene amayi anamwino anena. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya ziwalo, koma popeza akatswiri ophunzitsa kuyankhula ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ife a mafizo timakumana ndi funso limeneli pafupipafupi, ndipo ndifotokoza zimene ndikudziwa.

Pali njira yotchedwa Melodic Intonation Therapy imene inayambitsidwa ku Boston m'dziko la America mu 1973 ndi Martin Albert, Robert Sparks ndi Nancy Helm. Anthu ambiri akamva za njirayi amaganiza kuti ndi kuimbitsa wodwala nyimbo zimene amazidziwa, koma si choncho. Nyimbo yakale imangotisonyeza kuti khomo lilipo. Ntchito yeniyeni ndi kutenga mawu amene wodwala akuwafuna pa moyo wa tsiku ndi tsiku, monga "ndikufuna madzi", "ndatopa", "zikomo", "ayi" kapena dzina la mkazi wake, n'kuwaika pa kachuni kosavuta ka mamvekedwe awiri okha, okwera ndi otsika, kotsata mmene mawuwo amamvekera tikamayankhula. Zili ngati mlatho wa pamsewu waukulu ukakokoloka ndi madzi, magalimoto n'kuyamba kudzera kanjira ka kumidzi: ulendo umachedwa, koma kanjirako kakapondedwa tsiku ndi tsiku kamasanduka msewu.

Mukhale moyang'anizana ndi bambo pamalo opanda phokoso, kuti aziona pakamwa panu. Mugwire dzanja lawo la kumanzere, lomwe lili bwinolo, ndipo muziligunditsa pang'ono patebulo kapena pabondo kamodzi pa kachigawo kalikonse ka mawu: ndi, ku, fu, na, ma, dzi. Poyamba mungong'ung'udza chunicho osatchula mawu, kenako muimbe mawuwo pang'onopang'ono iwo akumvetsera, kenako muimbire limodzi. Akayamba kutsatira bwino, inu muzichepetsa mawu anu pofika pakati kuti amalize okha. Zikatheka zimenezi, muimbe inu nokha iwo n'kubwereza pambuyo panu, ndipo pomaliza muwafunse funso loti "mukufuna chiyani?" kuti ayankhe ndi mawu aja. M'kupita kwa nthawi chuni chimachepetsedwa mpaka mawuwo ayambe kumveka ngati kuyankhula wamba.

Ndichenjeze kuti njirayi imafuna kubwereza kwambiri. Gottfried Schlaug ndi anzake, nawonso a ku Boston, ankaphunzitsa wodwala mmodzi maulendo 75, ulendo uliwonse wa ola limodzi ndi theka, masiku asanu pa sabata. Pakhomo simungafike pamenepo, ndipo bambo atha kutopa msanga, choncho ndi bwino kuchita kanthawi kochepa kangapo pa tsiku, makamaka m'mawa asanatope. Imathandiza kwambiri anthu onga bambo anu, amene akumva bwino koma mawu sakutuluka. Kwa wodwala amene amayankhula zambiri zosamveka ndiponso sazindikira zimene akuuzidwa, njirayi siyenera.

Mphunzitsi wa Kwaya

Ndawerenga mwachidwi, ndipo zina mwa zimene mwafotokozazi ndi zimene ife timachita pophunzitsa nyimbo yatsopano kwa anthu osadziwa kuwerenga manotsi: kung'ung'udza, kuimbira limodzi, kenako mphunzitsi n'kukhala chete kuti amve ngati agwira. Maganizo anga ndi akuti mpingo uli ndi chuma chimene chipatala chilibe, ndicho anthu odziwa kuimba amene ali pafupi ndi wodwala ndipo safuna malipiro. Kodi sizingakhale bwino kuti kwaya yonse izipita kwa bambowa kawiri kapena katatu pa sabata? Nyimbo zathu zambiri ndi za wotsogolera ndi ovomera, ndipo kuvomera n'kosavuta chifukwa mawu ake ndi ochepa komanso obwerezabwereza.

Wopulumuka Sitiroko, Zomba

Aphunzitsi, cholinga chanu ndi chabwino, koma ndiloleni ndiyankhe monga munthu amene anagonapo pamphasa imeneyo. Ndikulemba ndi dzanja la kumanzere, ndipo mawu anga anabwerera pang'onopang'ono, ngakhale mpaka lero ndikatopa ena amandithawa. Kwaya yonse itabwera kwathu miyezi yoyambirira, ndinavutika kwambiri. Chipinda chinadzaza, ena anaima pakhomo, ena anasuzumira pawindo, ndipo phokoso la mawu anayi, kuwomba m'manja ndi nthungululu zinandilowa m'mutu zonse nthawi imodzi osatha kuzilekanitsa. Ndinayamba kulira, anthu n'kumati Mzimu wandikhudza, ndipo anawonjezera mphamvu poimba, pomwe ine ndinkafuna kuti aleke koma ndinalibe mawu owauzira. Usiku umenewo mutu unandipweteka ndipo tsiku lotsatira ndinalephera kuchita mafizo.

Chimene chinandithandiza ndi mayi mmodzi wa mumpingo amene ankabwera yekha, n'kukhala pambali pa bedi, n'kumaimba motsitsa mawu ndi mwapang'onopang'ono, akundidikira ndikatsalira. Chinanso ndikupempha, achemwali a ku Lilongwe, musawaimbitse bambo nyimbo za ana a sukulu ya mkaka. Wachibale wina anandiyesa ndi nyimbo zowerengera manambala, ndipo ngakhale ankafuna kundithandiza, ndinamva ngati ndasanduka khanda pakhomo panga pomwe. Munthu wodwala sitiroko amakhala wamkulu yemwe uja, ndipo amaona zonse zimene mukuchita. Musawasandutsenso chionetsero, choti mlendo aliyense akabwera muziti "taimbani amve". Muziwafunsa ngati akufuna nyimbo, ndipo popeza "eya" wawo sangadalirike, muziyang'ana nkhope ndi dzanja lawo.

Namwino Wopuma Ntchito

Zikomo bambo a ku Zomba, mwanena zimene ife ogwira ntchito m'chipatala sitingathe kuzinena bwino chotero. Ndiwonjezere pa nkhani ya kulirayo. Odwala ena sitiroko amalira kapena kuseka mosadziletsa chifukwa cha kuvulala kwa ubongo komweko, ngakhale pamene mumtima mulibe chisoni chachikulu, ndipo nyimbo imautsa zimenezi mosavuta. Koma palinso matenda enieni a kukhumudwa, amene amagwira pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse opulumuka sitiroko. Ngati bambo akukana chakudya, sakugona, ndipo sakufunanso kuyesa chilichonse, muwauze adokotala, musangoti nyimbo iwasangalatsa.

Mphunzitsi wa Kwaya

Ndamva, ndipo ndikuona kuti kutumiza munthu mmodzi kapena awiri odekha n'kwanzeru kuposa kutumiza gulu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo oimba athu ambiri, kunena zoona, anazolowera kuthamanga ndi kukweza mawu.

Wokayika, Mzuzu

Ndikhululukireni ngati ndikhale ngati ndikuthira madzi pamoto, koma ndili ndi funso limene sindikufuna kuti lidutse. Tonse tikudziwa kuti odwala sitiroko ambiri amayamba kupeza bwino okha m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, kaya aimbiridwe kaya asaimbiridwe. Amalume anga anayambanso kuyenda atamwa mankhwala a kwa sing'anga amene ananena kuti anamenyedwa hamala, ndipo mpaka lero mudzi wonse umatamanda sing'angayo, chonsecho thupi linkachira lokha. Ndiye tingadziwe bwanji kuti nyimbo si chimodzimodzi? Nkhani ya munthu mmodzi amene anachira si umboni. Ndikuopa kuti mabanja osauka angasiye kulipira thiransipoti yopita ku mafizo poganiza kuti wailesi ikwanira.

Wosamalira Odwala, Leeds

Funso lanu ndi loyenera, achimwene, ndipo ofufuza nawonso anadzifunsa zomwezo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Britain, ambiri mwa iwo opulumuka sitiroko, choncho ndinachita chidwi kuwerenga za nkhaniyi. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Teppo Särkämö ndi anzake a ku yunivesite ya Helsinki ku Finland, amene anasindikizidwa mu 2008 m'magazini ya zachipatala yotchedwa Brain. Anatenga odwala 60 amene anali atangodwala kumene, n'kuwagawa mwamaere m'magulu atatu. Gulu loyamba linkamvera nyimbo zimene aliyense anadzisankhira, kwa ola limodzi kapena kuposerapo tsiku lililonse kwa miyezi iwiri. Lachiwiri linkamvera nkhani zowerengedwa m'mabuku, ndipo lachitatu silinapatsidwe chomvera. Onse ankalandira chithandizo cha nthawi zonse, kuphatikizapo mafizo. Patapita miyezi itatu, kukumbukira mawu kunakwera ndi 60 peresenti mwa omvera nyimbo, 18 peresenti mwa omvera nkhani, ndi 29 peresenti mwa amene sanamvere kanthu. Omvera nyimbo analinso okhoza kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndipo anali osakhumudwa kwambiri poyerekeza ndi a gulu lachitatu lija.

Mukuona kuti magulu onse anapita patsogolo, monga mwanenera, koma popeza anagawidwa mwamaere, kusiyanako sikungafotokozedwe ndi kuchira kwachilengedwe kokha. Ofufuza omwewa anapezanso pambuyo pake kuti nyimbo zokhala ndi mawu zinathandiza pa kukumbukira ndi pa chiyankhulo kuposa za zoimbira zokha. Komabe anthu 60 si ambiri, ndipo palibe aliyense mwa iwo amene anasiya mafizo kuti azingomvera nyimbo.

Wokayika, Mzuzu

Zikomo, umenewu ndi mtundu wa yankho limene ndimafuna. Nanga pa njira ya ku Boston ija umboni wake ndi wotani? Chifukwa kukumbukira mawu ndi chinthu china, kutha kuuza mkazi wako kuti mwendo ukupweteka ndi chinthu chinanso.

Wa Mafizo, Blantyre

Pamenepo ndiyenera kunena mosabisa kuti umboni wake ndi wosakanikirana. Chimene chimaoneka mobwerezabwereza n'chakuti odwala amayamba kutha kunena mawu amene aphunzitsidwawo. Chimene sichinatsimikizike bwino n'chakuti lusolo limafalikira ku mawu ena amene sanaphunzitsidwe, makamaka mwa anthu amene adwala kwa nthawi yaitali. Ofufuza a ku Netherlands anayesa njirayi pa magulu awiri, la odwala kumene ndi la odwala kalekale, ndipo zotsatira zinali zabwinopo mwa odwala kumene. Palinso kafukufuku wa Benjamin Stahl ndi anzake a ku Leipzig ku Germany, wa mu 2011, amene anasonyeza kuti mwina chimene chimathandiza kwambiri si chuni ayi, koma kugunda kwa nthawi, ndiponso kuti mawu ozolowereka amatuluka mosavuta kaya aimbidwe kaya anenedwe motsata kugundako.

Kwa ine zimenezi sizifooketsa, koma zimatiuza chochita. Ngati mawu ophunzitsidwa ndi amene amagwira, ndiye kuti tisankhe mawuwo mosamala kwambiri. Munthu amene akutha kunena "ayi", "chimbudzi", "kupweteka" ndi mayina a ana ake wabwezeredwa ulemu waukulu, ngakhale sangathe kukamba nkhani pabwalo. Ndipo ngati kugunda ndiko kofunika, ndiye kuti dzanja la kumanzere lija lisaiwalike, komanso wachibale amene amati sadziwa kuimba alibe chowiringula.

Kumene umboni uli wolimba kwambiri ndi pa kuyenda, ndipo kumeneko ndiko kwanga. Michael Thaut ndi anzake ku Colorado State University anayamba m'zaka za m'ma 1990 kuyendetsa odwala motsata kugunda kokhazikika, njira imene amaitcha Rhythmic Auditory Stimulation. Khutu likamva kugunda kobwerezabwereza, ubongo umayamba kuyembekezera kugunda kotsatira, ndipo minofu imakonzeka phazi lisananyamuke. Wodwala sitiroko amayenda mopendekera, amakhalitsa pa mwendo wabwino n'kuthawa msanga pa wofookawo, ndipo kugundako kumamupatsa muyeso wofanana wa mapazi onse awiri. Mu 2017 bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 29 wokhudza anthu 775 ovulala ubongo, ambiri mwa iwo a sitiroko, ndipo linapeza kuti njirayi ingawonjezere liwiro la kuyenda ndi mamita pafupifupi 11 pa mphindi, ngakhale linachenjeza kuti kafukufuku wambiri anali wa anthu ochepa. Mamita 11 angaoneke ochepa, koma kwa munthu amene akufuna kufika kuchimbudzi cha panja nthawi isanathe, ndi ambiri.

Mwana Wachisamba, Lilongwe

Ndikuthokoza nonse, ndipo ndawerengera mng'ono wanga zimene amayi anamwino ndi bambo a ku Zomba alemba. Pa nkhani ya kuyendayi, bambo ayamba kuima atagwira mpando ndipo amasuntha pang'ono ndi ndodo wina atawagwira. Kodi tiziwaikira nyimbo pafoni akamayenda? Kale ankavina ingoma, ndipo nyimbo zake zikamveka phazi la kumanzere limayamba kugunda pansi.

Wa Mafizo, Blantyre

Musafulumire, achemwali. Ingoma ili ndi kuponda kwamphamvu kumene kungawachititse kuyesa zimene mwendo sunakonzekere, ndipo kugwa kwa munthu wachikulire kungathyole fupa la m'chiuno n'kubwezeretsa zonse m'mbuyo. Nyimbo zambiri za pafoni zimathamanganso kwambiri, chifukwa munthu wabwinobwino amaponda maulendo opitirira 100 pa mphindi, pomwe wodwala amene akuyamba kumene amaponda ochepa kwambiri kuposa apo. Lamulo ndi lakuti kugunda kutsate wodwala poyamba, osati wodwala kuthamangira kugunda. Muwerenge kuti akuponda kangati pa mphindi akamayenda mwa iwo okha, kenako wina aziwomba m'manja kapena kugunda chidebe pa liwiro lomwelo, kugunda kumodzi phazi limodzi. Mafoni ali ndi mapulogalamu a metronome aulere amene amachita zomwezo mosasinthasintha. Akazolowera ndipo mapazi akufanana, mungakweze liwirolo pang'ono kwambiri, mwina ndi 5 peresenti. Wowagwira aime kumbali yofookayo, pansi pakhale pouma ndi popanda mphasa yopindika, ndipo asamakokedwe ndi dzanja lofookalo chifukwa phewa limaguluka mosavuta.

Koma zonsezi muyambe mwakambirana ndi wa mafizo amene akuwaona, chifukwa ine sindinawaone, ndipo iye ndi amene angadziwe ngati bondo ndi kakolo zalimba mokwanira. Ingomayo aimvere atakhala pansi, azigunda ndi phazi labwinolo, kenako muwalimbikitse kuyesa ndi linalo. Pa dzanja, ofufuza a ku Hannover ku Germany anagwiritsa ntchito ng'oma zamagetsi ndi kiyibodi pophunzitsa mkono ndi zala, chifukwa wodwala amamva nthawi yomweyo ngati wamenya bwino kapena waphonya. Ife tili ndi ng'oma zenizeni ndi maseche, ndipo dzanja likayamba kugwira pang'ono, kumenya ng'oma yoikidwa patsogolo, kenako chakumbali, kenako pamwamba pang'ono, kumapangitsa munthu kubwereza kutambasula mkono maulendo ambiri osanyong'onyeka.

Mayi wa ku Johannesburg

Ndikufuna kuchenjeza za chinthu china chimene chinachitika m'banja mwathu. Mayi anga aang'ono atadwala kumudzi, munthu wina anagulitsa achibale kamemori kadi ka nyimbo zimene ankati zili ndi mafunde apadera osungunula magazi oundana mu ubongo, ndipo anawauza kuti mapiritsi a kuchipatala amatsekereza mphamvu yake. Anasiya mankhwala, BP inakweranso, ndipo tinawapulumutsa chifukwa mwana wawo anakakamira kupita nawo kukayezetsa. Palibe nyimbo imene imasungunula magazi. Kuno ku South Africa ntchito yothandiza odwala ndi nyimbo ndi ya anthu ophunzira, yunivesite ya Pretoria imaphunzitsa digiri yachiwiri ya zimenezi, ndipo omaliza maphunzirowo amalembetsedwa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo monga amachitira a mafizo. Munthu wotero sangakuuzeni kuti musiye mankhwala.

Wosamalira Odwala, Leeds

Kunonso ndi chimodzimodzi, othandiza odwala ndi nyimbo amalembetsedwa ku bungwe loyang'anira ogwira ntchito zaumoyo. Mumzinda wa Hull, womwe suli kutali ndi kuno, oimba a Royal Philharmonic Orchestra anagwirizana ndi ogwira ntchito za sitiroko pa pulogalamu yotchedwa Strokestra, mmene odwala ndi owasamalira amaimba zoimbira pamodzi. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha aphunzitsi a kwaya aja: gulu lili ndi nthawi yake, koma nthawiyo imafika wodwala atalimba, ndipo oimbawo amatsata zolinga zimene a zaumoyo aika. Ndaona kuntchito kwanga kuti anthu amene mawu anawathawa amasiya kupita kumene kuli anthu chifukwa cha manyazi, ndipo kagulu kakang'ono koimba ndi malo amodzi kumene sakhala otsalira.

Chinanso chimene ndaona n'chakuti si onse amene nyimbo imawakomera. Sitiroko, makamaka ya kumanja kwa ubongo, itha kuwononga kumva chuni, moti nyimbo imene munthu ankaikonda imayamba kumveka ngati phokoso chabe. Mayi wina amene ndinkamusamalira ankatembenuzira nkhope kukhoma wailesi ikatsegulidwa, ndipo ana ake ankaganiza kuti wataya mtima, chonsecho wailesiyo ndiyo inkamuzunza. Choncho kusiya wailesi ikulira tsiku lonse pafupi ndi wodwala si chithandizo. Ku Helsinki kuja odwala ankasankha okha, ankamvetsera mwachidwi kwa nthawi yoikika, kenako n'kuzimitsa.

Wokayika, Mzuzu

Ndakhutira pa kuyenda ndi pa kumvera nyimbo, ndipo pa kuyankhula ndikhalabe wosamala. Pempho langa kwa achemwali a ku Lilongwe ndi lakuti musunge kabuku. Mulembe mawu amene mukuphunzitsa, ndipo kumapeto kwa sabata iliyonse mulembe amene bambo anena okha popanda kuwayambitsira, chifukwa mtima wa mwana umafuna kuona kusintha ngakhale pamene palibe. Kabuku komweko mupite nako ku sikelo ya BP ndi ku mafizo kuti nawonso aone.

Bambo wa ku Mangochi

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi funso. Zitsanzo zambiri zakhala za nyimbo za kutchalitchi, koma mayi anga ndi Msilamu, ndipo chimene anazolowera ndi makaswida, zikiri ndi kuwerenga Qur'an mokweza. Iwonso mawu anachepa atadwala, ndipo Chichewa chinathawa kwambiri kuposa Chiyao chimene anayamwira. Kodi zimene mwafotokozazi zingagwire ntchito kwa iwo, ndipo tiziwaphunzitsa m'chiyankhulo chiti?

Namwino Wopuma Ntchito

Zingagwire ntchito, bambo, chifukwa ubongo suyang'ana kuti mawuwo ndi a chipembedzo chiti. Chofunika n'chakuti akhale mawu amene munthu anawabwereza kwa zaka zambiri, okhala ndi kukwera ndi kutsika komanso kugunda kwake. Mapemphero oloweza pamtima, kuwerenga masiku a sabata, ngakhale nyimbo za pamtondo zimene mayi ankaimba posinja, zonsezi nthawi zambiri zimatsala pamene mawu ena apita. Muyambe ndi zimene iwo amazilemekeza ndi kuzikonda, kuti amve mawu awo akutuluka ndipo alimbe mtima, kenako mupite ku mawu a zofuna za tsiku ndi tsiku monga a mafizo afotokozera.

Pa chiyankhulo, si zachilendo kuti chimene munthu anayamwira ndiponso amachigwiritsa ntchito kwambiri chitsale cholimba kuposa china, ngakhale sizikhala choncho kwa aliyense. Muyambe ndi Chiyao popeza ndicho chikutuluka, ndipo wowaphunzitsa akhale munthu wochiyankhula bwino, kuti kachuni kaja katsate mmene mawuwo amanenedwera kwanuko. Musasakanize ziyankhulo ziwiri pa nthawi imodzi yophunzira. Muonetsetsenso kuti akhala tsonga, mkamwa mulibe chakudya, chifukwa odwala sitiroko ambiri amavutika kumeza, ndipo kuimba kapena kuyankhula chakudya chili mkamwa kungawatsamwitse n'kuyambitsa chibayo. Ngati pa nthawi ina iliyonse muona pakamwa papindikanso, dzanja lafooka kuposa kale, kapena mawu amene anali atabwerera athawanso mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.

Wa Mafizo, Blantyre

Ndiwonjezere pa funso la bambo a ku Mangochi kuti zikiri yovina ili ndi vuto lomwe ndinanena pa ingoma, choncho mayi aimvere atakhala pansi mpaka wa mafizo atavomereza kuti miyendo yalimba. Ngati dzanja lofooka ndi la kumanja, muzigunditsa la kumanzere monga ndinafotokozera. Ngati lofooka ndi la kumanzere koma mawu anathawabe, zimene zimachitika mwa anthu ochepa, musaligwire dzanja lofookalo, mugunde inu patebulo pamene iwo akuona ndi kumva, ndipo mukapita kuchipatala mukawauze adokotala zimenezi kuti aonenso bwino mtundu wa vuto la kuyankhula limene mayi ali nalo.